Zodutsa ndi Zotsala: Phunziro la Jogalafe Tikaliyang'anira pa Mwanza

 

Andipempha kuti ndikambe nanu, ana athu a Fomu 4 ndi makolo anu, za jogalafe monga amaphunzitsira chaka choyamba ku yunivesite. Ena mwa inu mayeso a MSCE akadzakuyenderani bwino mudzapita ku Zomba, ku University of Malawi kumene anthu akadakutchabe ku Chanco. Ena mudzalowera ku Mzuzu University, ena ku MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, kumene kuli sukulu ya zanyengo ndi za nthaka. Kumeneko akakuuzani kuti phunziroli lili ndi nthambi: ya anthu, ya zachilengedwe ndi ya zachuma. Pa ndandanda wa makalasi iliyonse ili ndi ola lake ndi mphunzitsi wake. Ine lero sindizigawa, chifukwa kuno kwathu zitatu zonsezi zimapezeka m'thumba limodzi la makala.

Kusekondale mwazolowera funso lakuti "kuti?" Mtsinje wakuti uli kuti, doko lakuti lili kuti. Ku yunivesite funsolo amalitenga ngati munaliyankha kale. Amafuna kudziwa chifukwa chake chinthu chili pamalo apa osati apo, ndiponso amene akudya phindu lake ndi amene akusenza mtolo wake. Ndikafunsa mafunso amenewa za Mwanza, chimene ndimaona ndi ichi: boma lino ndi lodutsamo zinthu. Mathiraki amadutsa, malasha amadutsa, magetsi, madzi, makala ndi anthu omwe amadutsa. Ntchito ya wophunzira jogalafe wochokera kuno ndi kuwerenga bwinobwino zodutsazo, kenako kufunsa kuti chatsala n'chiyani.

Tiyambe ndi malire, poti ndiwo anapatsa Mwanza ntchito yake. Mzere umene umatisiyanitsa ndi Zobue unagwirizanidwa mu June 1891, pa pangano la Britain ndi Portugal. Anthu amene anaulemba anatsata pamwamba pa zitunda pamene madzi a mvula amagawikana: otsikira ku Shire akhale mbali ya Angerezi, otsikira ku Zambezi akhale ya Apwitikizi. Pa mapu ndi mzere wanzeru ndithu, wosavuta kuupeza. Vuto lake n'lakuti pamwamba pa zitundapo panali kale midzi, minda ndi manda. Ndiye mpaka lero alipo anthu a kwa Inkosi Kanduku ndi kwa Nthache amene malume awo ali tsidya linalo, maliro akachitika amangodutsa kanjira ka m'munda, popanda wofunsa pasipoti. Malire amene thiraki imagona pamzere kuti iwoloke ndi omwewo amene mayi wosenza nkhuni amawoloka kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Buku la chaka choyamba lidzakuuzani kuti malire amatseka komanso amatsegula, ndipo amasankha womutsekera. Inu zimenezi munaziona musanadziwe kuwerenga.

Msewu wa M6 wochokera ku Zalewa ukafika pachipata umapitirira ku Tete, kuwoloka Zambezi, kukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudzera ku Harare ndi Beitbridge mpaka ku Joni. Ukapatuka ku Tete umatsikiranso kudoko la Beira. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mafuta, feteleza, sopo ndi zitsulo zambiri zimalowera pakhomo panu pano. Sizinali choncho kale lonse. Katundu wa dziko lino ankayenda panjanji kudzera ku Nsanje kupita ku Beira, ndipo kuyambira 1970 panjanji ya ku Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji ziwirizo cha m'ma 1983 ndi 1984, katundu anakwera pamsewu. Madalaivala akale akuuzani za nthawi imene mathiraki ankadutsa ku Tete mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuperekeza. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, koma katundu sanabwererenso yense kunjanji. Tauni ya Mwanza, ndi malo ake ogona alendo, osintha ndalama ogwira mpukutu wa makwacha, mametikashi ndi marandi, anyamata a kabaza ndi ma ejenti okonza mapepala a katundu, inakula pa kusintha kumeneko. Onani bwino chimene chimadyetsa anthu amenewa. Thiraki ikaima ndiye dalaivala amagula nsima, amalipira chipinda, amatsukitsa galimoto. Tsono boma ndi amalonda a ku Blantyre akufuna kuti thiraki isamachedwe pachipata, ndipo akulondola, poti tsiku lililonse la pamzere limakweza mtengo wa thumba la feteleza ku Ntchisi. Koma kufulumira komweko kumachotsa ndiwo m'mbale ya mayi wophika nsima pa boda. Mayeso a ku yunivesite amakonda mafunso otere, amene mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Njanji yatsopano ndiye imaonetsa nkhaniyi poyera. Kampani ya Vale ya ku Brazil inkakumba malasha ku Moatize ndipo inkafuna doko lakuya la Nacala. Njira yachidule inali yodula pakati pa Malawi. Anamanga njanji kuchokera kumalire a ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka, ndipo njira yonse, yotalika makilomita opitirira 900, anaitsegulira mu May 2017. Sitima imodzi imakoka mabogi oposa 100. Mwaiona. Malashawo si athu, ogula ake ali kutsidya kwa nyanja, ndipo Vale yomweyo inagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ina yotchedwa Vulcan. Boma la Malawi limalandira ndalama chifukwa cha njanjiyo, ena analandira chipukuta misozi cha minda yawo, ena anagwirako ntchito pomanga. Zimenezo n'zoona ndipo muzilembe. Mulembenso kuti mlimi wa nandolo amene munda wake unadulidwa pakati amazungulira kukafuna powolokera. Pamwamba pa mitu yathu amanganso nthambo zamagetsi zochokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka, mtunda wa makilomita 218. Pansi pa nthambozo pali nyumba zounikira tochi. Sikuti wina ali ndi nkhanza: magetsi amphamvu chotero sungawatsitse pakhomo lililonse, amayenera kukafika kaye posinthira. Koma funso lakuti posinthirapo paikidwe kuti, ndipo nthambo zing'onozing'ono ziyambire mudzi uti, limayankhidwa ndi anthu okhala patebulo ndi mapu. Ndikufuna ena a inu mudzakhale patebulo limenelo.

Tsopano manachesi, amene anatchukitsa dzina la Mwanza dziko lonse. Mu 1826 mlimi wina wa ku Germany, Johann Heinrich von Thünen, anasindikiza buku lofotokoza chifukwa chake mbewu zosiyana zimalimidwa pa mitunda yosiyana kuchokera kumsika. Mfundo yake inali yapafupi. Chimene mlimi amatsala nacho ndi mtengo wa kumsika, kuchotsapo zolimira, kuchotsaponso zonyamulira. Chinthu cholemera kapena chosachedwa kuwonongeka chimataya phindu msanga mtunda ukamatalika. Mudzamujambula m'kope von Thünen ameneyu, mizere yake yozungulira ngati mphete, ndipo ena mudzatopa naye. Musatope. Tengani nachesi limodzi mulitsate. Pamtengo, kumudzi wa kuseri kwa Thambani kumene lole imafika movutika, lili ndi mtengo wake. Pamsewu wa tala, litaunjikidwa pamulu, mtengo wasintha. Mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe wasinthanso. Nachesi ndi lomwelo, dzuwa linaliwomba ndi lomwelo. Chasintha ndi malo.

Koma von Thünen sanaone zonse. Ambiri mwaonapo venda akubwera miyezi ya njala, Januwale kapena Febuluwale, zipatso zikadali zobiriwira. Amauzungulira mtengo, kuyang'ana m'mwamba, kugwedeza nthambi imodzi, n'kutchula ndalama ya mtengo wonse. Mwini wake m'nkhokwe mulibe kanthu, mwana akufuna fizi, ndiye amalandira. Nyengo yothyola ikafika amangoonerera anyamata a ganyu akudzaza matumba pakhomo pake. Apa mlimi sanagonje ndi mtunda wokha. Wagonja ndi nthawi, chifukwa ndalama imamusowa mwezi wina, zipatso zimapsa mwezi wina, ndipo zikapsa zimapsa kwa aliyense nthawi imodzi, popanda pozisungira kapena pozifinyira. Wophunzira wabwino amatenga mfundo ya m'buku, kuiyesa pa mudzi wake, n'kunena pamene yakwana ndi pamene yaperewera. Amene amangoloweza amakhozanso mayeso, koma digiri yake imakhala ya kabati.

Nandolo akuonjezera china. Mu August 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo. Mitengo inagwa m'misika yonse ya kummwera, alimi ena anangomusunga mpaka kufumbwa. Palibe mlimi wa kwa Govati amene anafunsidwa maganizo. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka 5. Choncho munda wa agogo anu uli pa mapu amodzi ndi ofesi ina ya ku New Delhi, ngakhale agogowo sanafikepo ndi ku Chileka komwe.

Ndifike pa makala, pamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono. Ndikudziwa kuti muno muli ana amene fizi yawo inachokera mu uvuni, ndipo sindinabwere kudzanyoza makolo a munthu. Ntchito imeneyi ndi yowawa. Munthu amagwetsa mitengo, tsanya ngati ilipo chifukwa makala ake ndi olemera ndipo amakhalitsa pambaula, kuidula zipika, kuisanja, kufunditsa udzu ndi zibuma, kusiya kabowo koyatsira. Kenako amalondera uvuniwo masiku angapo usana ndi usiku, chifukwa dothi likangogumuka penapake mpweya n'kulowa, m'mawa amapeza phulusa lokhalokha. Pa makilogalamu 100 a nkhuni, uvuni wadothi kawirikawiri sutulutsa makala opitirira makilogalamu 20. Akafukula, kulongedza ndi kuluka chisoti cha thumba, pamabwera wa njinga amene amamanga matumba atatu kapena anayi, n'kumakankha pachitunda thukuta lili kamukamu.

Mu 2007 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Patrick Kambewa a ku Chancellor College linawerengera malonda amenewa. Linapeza kuti mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba oposa 6 miliyoni pachaka, ndipo kuti apezeke pankagwa nkhalango yokwana mahekitala pafupifupi 15,000. Mwanza ndi Neno anali m'gulu la madera odyetsa Blantyre. Chiyambire nthawi imeneyo mizindayo yakula. Tsono taonani m'mene nkhaniyi imakambidwira pa wailesi: anthu a kumudzi akuwononga chilengedwe, sadziwa ubwino wa mitengo, akufunika kuwaphunzitsa. Ine ndimakana. Wootcha makala amaudziwa mtengo kuposa ine ndi inu. Mu 1985 katswiri wa jogalafe Piers Blaikie analemba buku lonena za kukokoloka kwa nthaka m'maiko osauka, ndipo mfundo yake inali yakuti ukafuna kumvetsa chigwembe cha m'munda, usaimire pa mlimi, utsate unyolo wonse mpaka kumene kukuchokera chomukakamiza. Tikatsata thumba la makala tikafika ku Ndirande ndi ku Chilomoni, tikafikanso ku Namiwawa kwa mabwana, kumene mbaula imayaka magetsi akazima. Panjira tipeza wa lole, wopikulitsa, ndi ena amene amadyapo pa malo ofufuzira katundu. Wootcha uja ndiye amalandira kachepere, ndipo chitsa ndi chigwembe zimatsala kwa iye. Lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera. Koma mphika wa ku Bangwe ukufunabe moto madzulo ano.

Dothi likachoka paphiri limapita kuti? Apa mufunika mapu. Mvula yogwa kum'mawa kwa boma lino imatsikira mu Mkulumadzi, umene umathira mu Shire m'nkhalango ya Majete, kumtunda kwa Kapichira. Yogwa chakumadzulo imalowa mumtsinje wa Mwanza, umene umatsetsereka kupita ku Chikwawa. Kumeneko mtsinje wotchedwa dzina lathu unadzaza mchenga, ndipo ukasefukira umalowa m'midzi ya anthu amene sanadulepo mtengo wa ku Thambani. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga mlatho wa Chapananga pamtsinje womwewu, anagumulanso damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi atachepa m'tauni, makala anayenda malonda, ndipo nkhwangwa zinalira kwambiri kumapiri kuno. Chenjerani pamenepa, musathamangire kulemba kuti makala ndiwo anagumula Kapichira. Mvula ya Ana inali yoopsa payokha, ndipo Shire amatunga madzi m'maboma ambiri. Chimene mungafunse n'chakuti phiri lometedwa linaonjezera madzi ndi matope ochuluka bwanji, ndipo yankho lake limafuna kuyeza mvula, kuyeza mtsinje, ndi kufananiza zithunzi za setilaiti za zaka zosiyana. Mphunzitsi wa ku Zomba akalemba ndi inki yofiira m'mbali mwa pepala lanu kuti umboni uli kuti, musakhumudwe, ndiyo ntchito imene makolo anu akulipirira.

Mudzakumananso ndi mkangano wa Garrett Hardin, amene mu 1968 analemba kuti chinthu cha aliyense chimatha chifukwa palibe wochisamala, ndi Elinor Ostrom, amene anaonetsa kuti midzi yambiri padziko imasunga nkhalango ndi madzi ake ikakhala ndi malamulo akeake ndi mphamvu yowatsata. Ostrom analandira mphotho ya Nobel mu 2009. Umboni wake wina uli m'mudzi mwanu. Mitengo ya kumanda ilipobe, yaitali, pamene phiri loyang'anizana nalo lili mbee. Alonda a boma kumandako kulibe.

Anthu nawo amawerengedwa. Kalembera wa 2008 anapeza anthu opitirira pang'ono 92,000 m'boma lino, Neno atapatuka kale mu 2003. Wa 2018 anapeza 130,949. Amene mumakonda masamu, gawani: ndi kukula kwa pafupifupi 3.5 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo zikapitirira choncho chiwerengero chimawirikiza kawiri m'zaka 20. Thomas Malthus mu 1798 akanati njala ili panjira. Ester Boserup mu 1965 akanayankha kuti anthu akachuluka amasintha kalimidwe, amathirira madimba, amathira manyowa. Musasankhe mbali musanafunse kuti anthu oonjezerekawo anabadwira kuno kapena anabwera, nanga akhala kumidzi kapena pa boma ndi pa boda.

Pakuti anthu a kuno sakhala malo amodzi. Agogo anu aamuna ena anapita kumigodi pa Wenela, mpaka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu Banda analetsa maulendowo. Bungwe la Theba linadzatsegulanso njira, n'kutsekeka mu 1988. Lero achimwene anu amakwera basi paokha, opanda kontirakiti, ndipo malata ambiri amene mukuona m'midzi anagulidwa ndi marandi. Mu May 2020 mabasi omwewo anabwerera atadzaza anthu othawa njala ya nthawi ya Covid ku South Africa, ndipo chipata chino chinasanduka nkhani ya dziko lonse. Enanso amabwera kuchokera tsidya. Nthawi ya nkhondo Malawi anasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Kuyambira 2015 kufika 2016 mudzi wa Kapise unalandira anthu pafupifupi 10,000 othawa kumenyana kwa asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo. Atauzidwa zosamukira kumsasa wa Luwani ku Neno, ambiri anasankha kubwerera kwawo. Kwa wokonza mapulani muofesi, Luwani anali malo abwino, otakasuka, akutali ndi mfuti. Kwa mlimi amene chimanga chake chinali kucha kuseri kwa chitunda, kutaliko ndiye kunali vuto.

Pali chinanso chimene akuluakulu muno akukumbuka. Mu May 1983 andale anayi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, anapezeka atafa pamsewu wa ku Thambani. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto pamene ankathawa m'dziko. Bungwe lofufuza la 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa. Funso la jogalafe pamenepa ndi lomwe lija, chifukwa chiyani pano. Msewu wa zii, wamaphompho, woyandikana ndi malire unapangitsa bodza kuoneka ngati zoona.

Mwina mukufunsa kuti tsiku ndi tsiku kalasi imakhala yotani. Muli masamu, ndisakunamizeni, makamaka owerengera anthu ndi zinthu. Muli kulemba Chingerezi chambiri. Mudzagwira mapu a 1:50,000, pamene masentimita 2 ndi kilomita imodzi, n'kuphunzira kuona phiri ndi chigwa m'mizere yopindikapindika. Mudzakhala pa kompyuta kuphunzira GIS, luso lokonza mapu, ndipo pulogalamu ya QGIS ndi yaulere, foni yanu ili kale ndi GPS. Mabuku ambiri zitsanzo zake ndi za ku Ulaya ndi ku America, ndipo chimandiwawa n'chakuti timatulutsa ana odziwa mtsinje wa Rhine amene sangajambule kumene Mkulumadzi amachokera.

Kenako adzakutumani kumudzi ndi mafunso papepala. Kumeneko mwana wa kuno amaposa anzake. Amadziwa kuti sulowa m'mudzi osadzera kwa amfumu. Amadziwa kukhala pansi, kupereka moni mpaka utathe, osayamba ndi kutulutsa cholembera. Ndipo mayi akafunsa kuti, "Kodi mukulemba maina a chithandizo?" amadziwa kuti akapanda kuyankha zoona pomwepo, mbuzi zonse za pakhomopo zisowa m'mayankho, zokolola zichepa ndi theka, ndipo kafukufuku yense akhala wabodza ngakhale masamu ake atalondola.

Za ntchito, makolo, ndikuuzeni mosabisa. Digiri imeneyi siibwera ndi kalata ya ntchito. Ambiri amakaphunzitsa. Ena amalowa ku makhonsolo kukonza mapulani, ku ofesi ya kalembera ku Zomba, ku nthambi za malo, nkhalango, zanyengo ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, kapena kumabungwe. Amene ndawaona akupeza msanga ndi amene manja awo anazolowera GIS ndi masamu. Ntchito yomanga damu lamagetsi pa Mpatamanga ikamapita patsogolo padzafunika anthu oyeza minda, owerenga mabanja osamutsidwa ndi olankhula nawo m'chinenero chawo, ndipo zidzakhala zamanyazi ngati onse adzachokere kutali.

Ana inu, mukamaliza mayeso muli ndi miyezi yambiri yodikira. Gulani kope la masamba 80. Sankhani malo amodzi pamsewu wa M6, mukhalepo ola lomwelomwelo kawiri pa sabata, muzilemba mathiraki olowa ndi otuluka, odzaza ndi opanda kanthu, ndi dziko la nambala yake. Amene muli kutali ndi tala, lembani mtengo wa ndowa ya manachesi kapena thumba la makala pakhomo, pamsika wa kwanu ndi pa boma, sabata iliyonse, ndi deti lake. Mufunsenso agogo maina a mitsinje imene kale sinkaphwa m'chilimwe, ndi chaka chimene inayamba kuphwa. Kopelo mukapite nalo ku yunivesite.